Sheleni Yakale Sakwecha

Ana anga, nonse mumabwera ndi funso limodzi. Uyu watola tiki m'chitini cha mabatani cha agogo ake, uyo wagula sheleni kwa wogulitsa zakale mumsika, winayo msuweni wake wa ku Leeds wamutumizira kathumba ka ndalama zakuda bii, koma pakamwa m'pamodzi: "Agogo, imeneyi ingapite pa zingati?" Funsolo si lolakwika, kungoti mwalitsogoza nthawi yake isanakwane. Dziwani kaye kuti chili m'manja mwanucho n'chiyani, ngati n'chenicheni, ndiponso kuti chatha kufika pati. Wodumpha zimenezi ndi amene amataya ndalama yosowa pa mtengo wa thumba la makala, kapena kukwera basi ya ku Lilongwe ndi kachitsulo kachabechabe m'thumba, m'mutu muli galimoto.

Ndalama za Angerezi sizidagwe kumwamba kuti zipezeke m'nyumba mwathu. Dziko lino likadali Nyasaland tinkawerengera m'mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 kupanga sheleni, masheleni 20 kupanga paundi. Msonkho wa nyumba umene atsamunda adakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unali masheleni atatu, ndipo sheleni ya nthawi imeneyo inali siliva weniweni. Koma chitini cha agogo sichisunga za ku Britain zokha. Amene adapita ku Joni adabwerako ndi za ku South Africa. Za ku Southern Rhodesia, zimene zidayamba mu 1932, zinkayenda kuno ngati kwawo. Mu 1955 kudabwera zachitaganya, za Rhodesia and Nyasaland, kenaka mu 1964 zathuzathu za mutu wa Kamuzu, tambala pa sikisi, chimanga pa sheleni, njovu pa ya masheleni awiri. Kukula kwa zonsezi n'kofanana, ndiye m'chitinimo zidangosakanikirana.

Kuzilekanitsa sikuvuta. Za maiko enawa zimatchula dzina la dziko poyera: SOUTHERN RHODESIA, SOUTH AFRICA, EAST AFRICA. Ya ku Britain siitero. Imabisa dzinalo m'Chilatini chodulidwa, BRITT kapena BR OMN, pakati pa maudindo a mfumu. Ndipo mukaona George V atavala chisoti chachifumu, dziwani kuti imeneyo ndi ya kunja kwa Britain, chifukwa pa siliva wakwawo mfumu imeneyi ili mutu pamtunda, yosavala kanthu.

Mukatsimikiza kuti ndi ya ku Britain, pitani pa chaka, poti chakacho ndicho chimaulula chitsulo. Zaka ziwiri muziloweze pamtima, 1920 ndi 1947. Zoyera zonse zosulidwa 1920 isanafike ndi siliva wa sterling, ndiye kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva, otsalawo ndi mkuwa wolimbitsira. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse siliva adakwera mtengo mpaka chitsulo cha m'sheleni chidafuna kuposa sheleniyo, ndipo boma likadapitiriza, anthu akadayamba kusungunula ndalama. Choncho mu 1920 siliva adatsitsidwa kufika theka. Zoyambirira za theka zija, za 1920 mpaka 1922, zimakonda kuthimbirira mwachikasu, chifukwa osula anali asanapeze kasakanizidwe kabwino. Mu 1947 siliva adachotsedwamo yense, poti Britain inkayenera kubweza siliva amene idabwereka ku America pa nkhondo yachiwiri. Kuchokera pamenepo zoyenda m'manja mwa anthu ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, woyera ndithu pamaso, koma siliva mulibe ngakhale kadontho. Sheleni ya Elizabeth II, zachitaganya zija ndi zathu za 1964 muzisunge chifukwa cha mbiri yake, osati chitsulo. Chimodzimodzi crown ya Winston Churchill ya 1965, imene ambiri a inu mumandionetsa monyadira chifukwa ndi yaikulu ndi yolemera. Adasula zoposa 19 miliyoni, ndipo ku Britain zangoti mbwee m'madirowa.

Chaka chikafufutika, nkhope ndiyo imakupulumutsani. Angerezi ali ndi mwambo woti mfumu yatsopano iyang'ane kosiyana ndi imene yailowa m'malo. George III amayang'ana kumanja, George IV kumanzere, William IV kumanja, Victoria kumanzere, Edward VII kumanja, George V kumanzere. George VI nayenso ali kumanzere, chifukwa pakati pawo padadutsa Edward VIII, amene adatula pansi ufumu mu 1936 ndalama za nkhope yake zisanatulutsidwe. Zoyeserera zochepa zimene zidasulidwa zili m'nyumba zosungira zakale ndi m'manja mwa anthu olemera kwambiri. Munthu akakuonetsani yotero m'mbali mwa msewu, mupatseni moni mupitirire.

Victoria ndiye wofunika kumukhalira pansi, popeza adalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901 ndipo ndalama zake n'zamitundumitundu. Nkhope yake yoyamba, ya William Wyon, ndi ya mtsikana womanga tsitsi kumbuyo, ndipo idakhalabe pa ndalama mpaka 1887, mwini wake ali kale gogo wa zidzukulu zambirimbiri. Chaka chimenecho, pokondwerera zaka 50 ali pampando, adaika ya Joseph Edgar Boehm, ya kachisoti kakang'ono kongotsamira pamutu kofuna kugwa. Anthu adaiseka ndipo siidakhalitse. Mu 1893 idabwera ya Thomas Brock, ya mayi wokalamba wofunda nsalu yaumasiye, ndipo ndi pamenepo padayamba kuoneka zilembo zoti IND IMP, zosonyeza kuti ndiyenso wolamulira India. Zilembo zimenezi zidachoka mu 1949, India atalandira ufulu. Ndiye George VI wa ku Britain wopanda IND IMP musavutike n'kumuyeza, siliva mulibe.

Pali florin, ya masheleni awiri, imene imasokoneza oyamba kumene. Yoyamba idatuluka mu 1849, ndipo osula adasiya mawu oti DEI GRATIA, onena kuti mfumukazi ikulamulira mwa chisomo cha Mulungu. Anthu opemphera adakwiya, ndipo mpaka lero osonkhanitsa amaitcha Godless florin. Imene idalowa m'malo mwake kuyambira 1851 mpaka 1887 ili ndi zilembo zopotanapotana zachikale zotchedwa Gothic, ndipo ambiri amabwera kudzandiuza kuti ilibe chaka. Chaka chilipo, koma chili m'manambala achiroma, kumapeto kwa mawu ozungulira nkhope, kumbuyo kwa mfumukazi. Mukawerenga mdccclxxii ndiye 1872. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: x mmodzi kapena i mmodzi akafufutika, mwasuntha chaka. Werengani ndi galasi, chilembo chimodzichimodzi, mukulemba papepala.

Tinkhani tating'ono totere n'tambiri, ndipo n'timene timakometsa ntchitoyi. Pa masheleni ndi masikisi a 1864 mpaka 1879 mupeza kanambala kakang'ono pamwamba pa chaka, kosonyeza chidindo chimene chidagwiritsidwa ntchito. Sheleni ya Victoria wamtsikana mukaitembenuza chammbali, kumbuyo kwake kumaoneka chadodolido. Si cholakwika ayi, ndimo ankasulira 1887 isanafike, ndipo wina asakunamizeni kuti ndi yosowa chifukwa cha chimenecho. Sikisi yoyamba ya 1887 idatuluka yosalembedwa mtengo, kumbuyo kwake kukufanana ndi half sovereign yagolide, yomwenso kukula kwake kunali komweko. Akathyali adayamba kuipaka golide n'kumagulira zinthu za masheleni khumi, mpaka boma lidaisintha chaka chomwecho n'kulembapo SIX PENCE. Anthu adasunga zambiri za mtundu woyambawo poganiza kuti zidzasowa, moti lero n'zosavuta kupeza zili bwinobwino.

Poti ndalama zambiri zakale sizilembedwa mtengo, gulani sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ndi choyezera mamilimita. Kuyambira 1816, pamene Britain idakonzanso ndalama zake zitatha nkhondo za Napoleon, kulemera kwake kudakhazikika ndipo sikudasinthe ngakhale chitsulo chitasintha. Tiki yasiliva imalemera magalamu 1.41, sikisi 2.83, sheleni 5.66, florin 11.31, half crown, imene makolo ankati tu ndi sikisi, 14.14, ndipo crown ya masheleni asanu 28.28. Florin ndi half crown ndizo zimanamiza maso, koma yoyambayo, kuyambira 1893, ndi mamilimita 28.5 m'mimba mwake pamene inayo ndi 32. Ngakhale eni ake ankasokonezeka: double florin ya masheleni anayi, imene idayamba mu 1887, inkafanana kwambiri ndi crown moti ogulitsa m'mabala ankabweza chenji cholakwika, ndipo idalekeka mu 1890.

Za m'mbuyo mwa 1816 sindichedwapo, chifukwa kuno n'zapatalipatali. Mungodziwa kuti kuyambira 1662, pa ufumu wa Charles II, ndalama zidayamba kusulidwa ndi makina, zozungulira bwino, zokhala ndi timizere kapena mawu m'mphepete kuti anthu aleke kuzisenga n'kuba siliva. Za kale kuposa apo zinkamenyedwa ndi nyundo, n'zopyapyala ndi zokhotakhota. Zina zimanena kumene siliva wake adachokera: VIGO pansi pa nkhope ya Anne ndi siliva wolandidwa pa nkhondo ya pa Vigo Bay mu 1702, LIMA pansi pa George II mu 1745 ndi 1746 ndi wolandidwa m'zombo zonyamula chuma cha ku South America, ndipo SSC mu 1723 ndi wa South Sea Company. Mukadzaigwira yotero, musathamange nayo. Funsani kaye kwa odziwa.

Tsopano za zabodza. Wonyenga sataya nthawi ndi sheleni wamba ya 1916. Amalunjika pa zosowa: half crown ya 1905, imene adasula pafupifupi 166,000 zokha, sheleni ya chaka chomwecho, Gothic crown ya 1847 imene zidalipo 8,000, ndi crown ya 1934 imene zidalipo 932. Ndalama ikakhala ya chaka chosowa, muyambe mwaikayikira, iyo ndiyo ikutsimikizireni. Iikeni pa sikelo. Yakutha imapepukako pang'ono, koma yooneka yatsopano ikapereweza theka la galamu, pali nkhani. Maginito akaikoka ndiye zatha, siliva sakokedwa. Koma kusakokedwa si umboni, poti mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa. Yang'anani m'mphepete ngati muli kamzere kolumikizira, ndi pankhope ngati pali timaenje kapena timatuza, zizindikiro za ndalama yothiridwa m'chikombole m'malo modindidwa. Zilembo za yotere zimakhala zonenepa, zosadulika bwino. Pali ukathyali wina wovuta kuugwira: amatenga ndalama yeniyeni ya chaka wamba n'kusema nambala yomaliza kuti ikhale 5. Siliva ndi weniweni, kulemera n'kolondola, bodza lili pa nambala imodzi. Ikani galasi pamenepo muone ngati pozungulira nambalayo pakumbika kapena pasalala mosiyana ndi ponse. Za kulira kwake, ikhazikeni pansonga ya chala muigogode pang'ono ndi pensulo. Siliva wabwino amalira motalika. Osaiponya pa simenti. Mudzamva kulira kokoma ndithu, koma mphepete mwatiphula.

Tafika pa giredi, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi, zonse zenizeni, zingasiyane mtengo kakhumi kapena kupitirira, chifukwa chabe cha mmene zathera. Ogulitsa a ku Britain ali ndi makwerero awo. Pansi pali Poor ndi Fair, zosalala zongotsala chithunzithunzi. Kenaka Fine, imene dzina lake lisakunamizeni: ndi ndalama yoyenda kwambiri, mawu ndi chaka zikuwerengeka, nkhope ikudziwika, koma tsitsi ndi ndevu zaphwatalala. Very Fine ndi imene yayenda pang'ono, malo okwera okha ndiwo aperepeseka. Extremely Fine ndi yoti kutha kwake mpaka uchite kufunafuna, ndipo kuwala kwa ku fakitale kukadalipo, makamaka pakati pa zilembo. Uncirculated ndi imene siidayendepo m'manja mwa anthu. Polemba amangofupikitsa: F, VF, EF, UNC. Ikapitirira pang'ono giredi yake amawonjezera G kutsogolo, GVF. Ikaperewera pang'ono amaika N kapena A, monga NEF.

Maina amenewa mungawaloweze tsiku limodzi. Kuwaona pa chitsulo ndiyo ntchito ya zaka. Tiyeni titenge half crown ya George V, tinene ya 1916, imene ndi yosavuta kupeza. Sambani m'manja muumitse. Yalani nsalu yofewa patebulo kuti ikapulumuka igwere pofewa. Igwireni m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, chala chisakhudze nkhope. Musayang'anire padzuwa la masana, limawalitsa chilichonse; khalani m'nyumba ndi nyale imodzi. Yambani ndi maso okha, galasi lokulitsa kakhumi libwere pambuyo. Pankhope ya mfumu pali malo amene amayamba kukhudzana ndi zala ndi nsalu ya thumba: pamwamba pa khutu, nsidze, nsonga ya ndevu zapamlomo, ndi tsitsi la pamwamba pa khutu. Ngati mkombero wa khutu ukadali wozungulira, ndipo timizere ta ndevu tikuoneka kamodzikamodzi, muli chakumtunda. Ngati pamwamba pa khutu paphwatalala n'kulumikizana ndi tsitsi, mwatsikira ku VF kapena pansi pake. Tembenuzani. Kumbuyo kuli chishango chozunguliridwa ndi lamba wolembedwa mawu a Chifalansa. Pa lambayo zilembo zoyamba kutha ndi I wa mawu oti HONI ndi P wa PENSE. Mukatero onani nkhope za timikango ta m'chishango ndi zingwe za zeze wa ku Ireland. Timikango tokhala ndi maso ndi pakamwa ndi nkhani ina, timikango tongotsala mabulunga ndi nkhani inanso.

Mfumu iliyonse ili ndi malo ake otere. Pa Victoria wamtsikana ndi tsitsi la pamwamba pa khutu, timalamba tomangira tsitsi ndi mfundo ya kumbuyo. Pa Victoria wamasiye ndi makwinya a nsalu yofunda ndi chisoti cha pamphumi. Edward VII ndiye wovuta, chifukwa George William de Saulles adamujambula mosazama, moti tsitsi ndi ndevu zinkatha msanga. N'chifukwa chake ndalama zake zosatha zimadula. Pa florin yake, ya Britannia woimirira pa chombo, chaka chidaikidwa pamalo okwera, ndipo zambiri nambala yomaliza idafufutika.

Kenaka pendeketsani ndalamayo pang'onopang'ono pansi pa nyale ija. Pa ndalama yosayenda, kuwala kumazungulira pankhope mukamaipendeketsa. Chimachititsa ndi ichi: chidindo chikamenya ndi mphamvu, chitsulo chimayenderera kuchokera pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso timene timabweza kuwala. Timizereto ndi toyamba kufa ndalama ikayamba kuyenda. Pamene pakhudzidwa pamaoneka potuwa, kuwala kukafikapo kumaduka. Mukaona potuwa pa tsaya kapena pa khutu, imeneyo si UNC, ngakhale ikome chotani. Koma timabala ting'onoting'ono togundana ndi zinzake m'thumba la ku fakitale sitichotsa ndalama pa UNC, timangoichepetsa kukongola.

Msampha wina ndi uwu: si chilichonse chophwatalala chimene chidatha. Zina zidabadwa choncho. Masheleni ndi masikisi a George V a nthawi ya nkhondo yoyamba ankasulidwa mothamanga ndi zidindo zotopa, ndipo mutu wa mfumu, umene Bertram Mackennal adaujambula mozama, unkakoka chitsulo chambiri n'kumana mbali inayo. Zotsatira zake, mkango woima pa chisoti kumbuyo kwa sheleni umatuluka wopanda mphuno, ndipo nthawi zina chithunzithunzi cha mutu wa mfumu chimaonekera kumbuyoko. Vuto limeneli ndilo lidachititsa kuti mutuwo ukonzedwenso mu 1926. Mungasiyanitse bwanji? Yang'anani pamphuno pophwatalalapo. Ngati kuwala kuja kukudutsapo osaduka, ndiye chidindo sichidafike. Ngati patuwa, zala ndizo zidadya.

Mbali ziwiri zikasiyana, lembani zonse, VF/F, koma dziwani kuti wogula amayang'ana yoipayo. Ndipo dziwaninso kuti diso la mwini limakweza giredi. Mlimi wa fodya aliyense amaona tsamba lake lili lapamwamba mpaka tsiku limene belo latsegulidwa ku okushoni ku Kanengo. Inunso ndalama yanu mudzaiona EF pamene mlendo akuona GVF, ndipo nthawi zambiri mlendoyo ndiye walondola. Mukakayika pakati pa magiredi awiri, tengani yapansi. Njira yophunzitsira diso ndi kuika pamodzi ndalama zingapo za mtundu umodzi, kuyambira yosalala mpaka yabwino, n'kumaziyang'ana mobwerezabwereza. Masheleni asanu otchipa a George V adzakuphunzitsani zambiri kuposa ndalama imodzi yodula.

Mudzakumananso ndi manambala, VF30, AU55, MS63. Amenewo ndi makwerero a ku America, a 1 mpaka 70, amene William Sheldon adayambitsa mu 1949. Makampani monga PCGS ndi NGC amayeza ndalama, n'kuipatsa nambala, n'kuitsekera m'kabokosi ka pulasitiki. Zimathandiza pogula chinthu chimene sunachigwire, makamaka pa zaka zokopedwakopedwa zija. Koma zilembo zofanana sizitanthauza chinthu chimodzi: Angerezi ndi ouma dzanja, ndipo imene wogulitsa wa ku London angaitche EF, ku America kawirikawiri imalandira AU. Musatenge giredi ya uku n'kukaifunira mtengo m'buku la uko. Ine ndimakhulupirira diso lophunzitsidwa kuposa nambala ya pa kabokosi, ndipo ndimadandaula ndikaona wachinyamata akuwerenga kapepala osayang'ana ndalama imene ili m'katimo.

Mukadutsa monsemu ndiye mungatsegule buku la mitengo. Lodziwika ndi Coins of England, limene limatuluka chaka ndi chaka. Mitengo ya m'menemo ndi yogulitsira ku Britain. Wogula kwa inu adzapereka yocheperapo chifukwa nayenso akufuna phindu. Pa intaneti musatengeke ndi mtengo umene munthu akuitanira, aliyense angalembe chimene wafuna. Funani umene ndalama yofanana ndi yanu idagulidwadi. Ndipo ndikuuzeni zoona, zambiri za m'zitini zathu ndi Fair kapena Fine, za zaka wamba, chifukwa zidagwira ntchito: zidalipira msonkho, zidagula mchere ndi nsalu kwa Mandala, zidayenda pa ukwati ndi pa maliro. Mtengo wa zotero ndi wa siliva wake basi. Sheleni ya 1920 isanafike ili ndi siliva wokwana magalamu 5.2, ya 1920 mpaka 1946 ili ndi 2.8, ndipo siliva amagulitsidwa pa troy ounce, imene ndi magalamu 31.1. Chitani masamu musanapite kwa wogula. Musanazisonkhanitse pamulu, patulani kaye zaka zosowerapo, monga half crown ya 1903, 1904, 1925 ndi 1930, ndi florin ya 1932.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi ichi. Tidaleredwa kuti chiwiya chizinyezimira, ndipo chakuda ndi chamanyazi pamaso pa mlendo. Ndiye mwana akapeza sheleni yothimbirira, dzanja limamuyabwa. Amatenga phulusa, mchenga, ndimu, soda, mankhwala otsukira mano, ngakhale waya wokwechera mapoto, ndipo pofika kwa ine ikung'anima, iye akumwetulira. Zikatero palibenso chobweza. Timizere tija tobweza kuwala tachoka, m'malo mwake mwalowa zikande zopyapyala zoyenda mbali imodzi, zimene wodziwa amaziona asanatulutse n'komwe galasi. Kunyezimira kwa ndalama yokwecha ndi kwakufa, kofanana ponseponse, ndipo dothi limatsalira mozungulira zilembo kuchitira umboni. Makampani oyeza aja ndalama yotero saipatsa nambala, amangolemba kuti idatsukidwa, ndipo mtengo umagwa kwambiri. Kuthimbirira kumene mukulimbana nakoko, kotuwa, kofiirira, pena kobiriwira ngati khosi la nkhunda, kudatenga zaka makumimakumi kuti kupangike, ndipo osonkhanitsa amakulipirira. Ngati pali matope enieni, iviikeni m'madzi oyera ofunda, muitsukuluze, muigunditse pa nsalu yofewa kuti iume. Kugunditsa, osati kupukuta. Kupitirira apo, isiyeni.

Zilema zina mudzazipeza zilipo kale. Kobiri lachitaganya lidabadwa ndi bowo lake, koma tiki kapena sikisi ya ku Britain yabowo idaboledwa ndi msomali, mwina kuti ilowe mu mkanda kapena imangidwe pa dzanja la mwana. Zina zili ndi chipsera cha mtovu kumbuyo kapena m'mphepete, pamene padalumikizidwa pini kuti ikhale chokongoletsera pa chovala. Zina zidapindika, zina zidalembedwa maina. Kwa wogula zonsezi zabwerera ku mtengo wa chitsulo, ndipo mukamagulitsa muzinena chilemacho musanafunsidwe, chifukwa osonkhanitsa ndi ochepa ndipo amadziwana. Koma ngati tiki yabowoyo idachokera m'khosi mwa agogo anu, ine sindingaipereke kuti akaisungunule chifukwa cha siliva wosakwana galamu imodzi ndi theka.

Posunga, adani ndi chinyontho, mphira ndi pulasitiki yofewa. Dzinja lathu limalowetsa chinyontho mpaka m'sutikesi, ndiye sankhani malo ouma, kutali ndi khitchini ndi utsi. Mphira womangira uli ndi sulufule, amene amadetsa siliva n'kusiya mzere wakuda. Timatumba ta pulasitiki yofewa ya PVC timatulutsa utomoni wobiriwira umene umadya chitsulo pakapita zaka. Musaziunjike pamodzi m'chitini kuti zizikhulana, ndipo musazikulunge m'nyuzipepala. Iliyonse ikhale m'kaenvulopu kakekake ka pepala lopanda asidi, kapena m'kabokosi ka pulasitiki yolimba kopangidwira ndalama. Pa kaenvulopupo lembani ndalama isanalowemo, kuopa kuidinda ndi nsonga ya cholembera: mfumu, chaka, mtundu, kulemera kwake, kumene mudaipeza, zilema zake ndi giredi ya mbali zonse ziwiri. Zinazo lembani ndi inki, koma giredi mulembe ndi pensulo, chifukwa chaka chamawa mukadzaitulutsanso mudzafuna kuitsitsa.